Ng'oma Yomwe Inatsala ku Amagasaki

1

Apongozi anga aakazi anachenjeza kamodzi kokha, tili pa chakudya chamadzulo, ndipo palibe anawamvera. Anati ng'oma zakale za amuna awo zikhale kudenga komweko, chifukwa munthu akayamba kusakasaka zitsulo zosowa amakagogoda pamakomo pomwe sayenera kugogoda. Mwamuna wanga Norihiko anaseka, nati amayi akungoopa phokoso. Ine ndinali kupukuta mpunga pachibwano cha apongozi aamuna, koma ndinaona mmene zala za mayiwo zinafinyira mbale.

Muzinditcha Chizuru. Nthawi imeneyo ndinali mtsikana ndithu, ndili ndi mwana wamwamuna woyamba kumene kukwawa, dzina lake Itsuki. Tinkakhala pamwamba pa fakitale ya mabawuti ya banja la amuna anga ku Higashi-Osaka, ndipo makina akayamba kugunda pansipo, makapu m'kabati ankanjenjemera. Inenso ndine wonjenjemera chibadwire. Ndimayamba ndayang'ana nkhope ya munthu ndisanatsegule pakamwa, ndipo chitseko chikatsekedwa molimba pang'ono ndimakhala tsiku lonse ndikudzifunsa chomwe ndalakwa.

Apongozi aamuna anagwidwa sitiroko chaka chomwe ndinalowa m'nyumbamo. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafa, mawu anathawa. Dokotala wina anati nyimbo zakale nthawi zina zimadzutsa lilime, ndipo Norihiko anakumbukira kuti bambo ake paunyamata ankaimba ng'oma m'bandi ya kumalo ovinira. Lamlungu lotsatira anakwera kudenga.

Anatsitsa zitatu, zokutidwa ndi pulasitiki wobiriwira wonyezimira ngati mamba a nsomba. Zikopa zinali zong'ambika, mikombero dzimbiri lokhalokha, ndipo mu yaikulu ija yomenya ndi phazi mbewa zinali zitaberekeramo. Mabawuti ambiri omangira zikopa anali atasowa. Ng'oma yachinayi, ya miyendo itatu, yomwe imaima yokha pansi kudzanja lamanja la woimba, kunalibe.

2

A Tomie, apongozi aakaziwo, sananditchulepo kuti iwe. Nthawi zonse ankati "a Chizuru", ndi ulemu woti ukaumva umafuna kuvala juzi.

Anayamba ndi mkaka. Anati wanga sukukwanira, mwana akuwonda, nagula botolo. Kenako anati ndimamusambitsa mwamantha, ndidzamugwetsa m'bafa, bola azimusambitsa iwo. Tsiku lina madzulo anandigwira paphewa.

"Mwatopa, a Chizuru. Lero agone kwa ine, mupumuleko."

Lero limenelo silinathe. Kamatiresi ka Itsuki kanasamukira kuchipinda chawo, ine n'kumagona maso ali gwa, khutu pakhoma, mabere akundiwawa. Akalira ndinkadzuka, n'kukaima pachitseko chawo osagogoda, mpaka atatonthola. Ntchito yanga inakhala kudyetsa ndi kusambitsa mdala uja, kuchapa, ndi kutsika pansi kukalongedza mabawuti m'timabokosi. Tsiku lina botolo linandipulumuka n'kusweka. Mawa lake azimayi ogwira ntchito m'fakitale anayamba kundilankhula mofatsa ngati wodwala, ndipo ndinadziwa kuti auzidwa kanthu.

Ndikadandaula kwa Norihiko, ankayankha osacheuka, maso ali pa mkombero womwe akupala, kuti amayi akudziwa za ana, si iwo analera iye nanga? Madzulo onse ankakhala m'chipinda chosungiramo katundu kuseri kwa fakitale. Zitsulo ankazinyika m'viniga, n'kuzitsuka ndi mswachi wakale, pulasitiki uja n'kumupukuta mpaka kudziona nkhope. Zikopa zatsopano anaitanitsa ku Tokyo ndipo zinakwana bwino.

Chinamusautsa ndi mabawuti. Anagula akale kwa anthu a ku Tokyo, ena anachokera ku Amereka, koma iliyonse inkangolowa pang'ono n'kukana. Kapitawo wathu wachikulire ndi amene anamasula nkhaniyo, ine ndili pomwepo ndi bokosi m'manja. Anati abwana aakulu, apongozi anga aamunawo, ankanyansidwa ndi mabawuti a m'sitolo chifukwa ankamasuka nyimbo ili mkati, choncho anadzisulira awoawo pa makina a bambo awo, a mazinga othinana, timizere tija tozungulira bawuti, ndipo mabowo anawakonzanso kuti agwirizane nawo. Dziko lonse lapansi kunalibe ena otero. Norihiko anasula angapo atsopano, koma ankati akuwala mopusa pakati pa anzawo akale. Ndipo ng'oma yosowayo sakanatha kuisula. Anajambula zitatuzo n'kuika chithunzi pa intaneti, kufunsa ngati alipo ali ndi ya miyendo itatu ya mtundu wofanana.

3

Patapita milungu ingapo Norihiko anati wapezeka wogulitsa zakale ku Amagasaki. Anapita Loweruka, n'kubwera ndi mabawuti ochepa atakulungidwa m'kampango. Loweruka lina anabwera ndi mwendo umodzi. Linalo mkombero. Ankabwera akununkha fodya ndi mafuta onunkhira a akazi, ndipo tsiku lina m'thumba la jekete ndinapezamo malalanje awiri osenda kale, okutidwa bwinobwino m'kapepala.

"Wogulitsa wanuyo amapereka kamodzikamodzi ngati mankhwala akuchipatala bwanji? Ndipo amasendera makasitomala onse malalanje?"

Sanaseke. Anati ndisamafufuze m'matumba mwake.

Ndinamutsatira kuseri madzulo amenewo, ati kukamupatsa tiyi. Anatenga imodzi mwa mabawuti a m'kampango aja, yakuda ndi ukalamba, n'kuiika pabowo. Inalowa ndi zala zokha, myaa, mpaka pansi, osafuna ngakhale kakiyi komangira. Mutu wanga si wa sukulu zapamwamba, ndinalekeza sekondale, koma mawu a kapitawo ndinali nawo. Bawuti imeneyo inabadwira pansi pa nyumba yathu yomweyi. Munthu wa ku Amagasaki sanali wogulitsa zakale.

Nditacheuka ndinapeza a Tomie ataima pakhomo, Itsuki ali kumsana. Nawonso anali ataona. Anafunsa mwana wawo komwe wazitenga, iye n'kuyankha kuti kwa munthu wina chabe wa zakale. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine, n'kukwera masitepe.

Sabata yomweyo a Tomie anandiitana kukhitchini. Anati aimbira kale amayi anga ku Tottori, ndipo agwirizana kuti ndipite kwathu ndikapumule mwezi umodzi, thupi ndi mutu zibwerere m'malo. Tikiti anali atagula, ya Lolemba m'mawa. Itsuki atsala, chifukwa kuja kukuzizira, komanso botolo analizolowera.

Ndinaimbira amayi ndikulira chamumtima. Anandiuza kuti ndithokoze, apongozi otere ndi osowa, ndisawachititse manyazi. Ndinayesa kuuza Norihiko kuti sindingapite popanda mwana, iye anati mwezi si chaka. M'nyumba monse munalibe woti ndimuuze kawiri.

4

Loweruka Norihiko anabwera chimanjamanja, nkhope ili pansi. Anati mwini ng'omayo wakana kumupatsa, akuti aipereka kwa ine mkazi wake basi, ndipo ndipite ndekha. Anandilembera njira, n'kuuza amayi ake kuti ndikupita kukagula mphatso zopita nazo kwathu.

Ndinapita Lamlungu masana, ndikukonza mawu oti ndikamuuze mkazi wolanda amuna a eni. Ndinapeza kabala kakang'ono ka mowa pansi pa mlatho wa sitima, kotseka, mipando ili pamwamba pa matebulo. Anatsegula mayi wachikulire wa tsitsi lopaka zofiira, ndudu pakamwa, mawu okhakhala ngati wameza mchenga. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ndiwe Chizuru? Kuwonda chonchi, amakudyetsa mabawuti kumeneko?"

Mawu onse ndinakonza aja anathawa. Ndinangofunsa kuti iwo ndi ndani kwa mwamuna wanga, popeza amabwera akununkha mafuta awo. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kugwira tebulo.

"Chibwenzi? Mwana iwe wandikongoletsa lero. Khala pansi usanagwe."

Anati dzina lawo ndi Mitsuyo. Anachotsa wailesi ndi kansalu pa chinthu chomwe ndinkayesa katebulo pakona, ndipo pansi pake panali pulasitiki wobiriwira uja. Anaisisita pamwamba, n'kuyamba kufotokoza, maso ali pa ng'omayo.

Iwo ankaimba nyimbo m'bandi yomwe apongozi anga aamuna ankaimbamo ng'oma. Anyamatawo analibe galimoto, choncho dansi ikatha aliyense ankanyamula kanthu. Iwo gawo lawo linali ng'oma ya miyendo itatu ndi kathumba ka mabawuti apadera, ndipo ankazisunga kwa amayi awo, pafupi ndi malo ovinirawo. Atakhala ndi pakati, mnyamata wa ng'omayo, apongozi angawo, anawatengera kwawo pamwamba pa fakitale. Makolo ake anawalandira, koma anati ukwati usalembetsedwe kaye, aone ngati woimba m'mabala angakwane m'nyumba ya anthu. Mwana atabadwa, makolowo anaitana mtsikana wachibale kuti azithandiza. Mtsikanayo anali waukhondo, waulemu, wosakweza mawu. Anayamba ndi kusambitsa mwana.

Ndinafunsa dzina la mtsikanayo.

"Anali Tomie," anatero. "Norihiko ndinamubereka ine."

Anati atayamba kuwonda ndi kulira popanda chifukwa, banjalo linawauza kuti apite kwa amayi awo akapumule mwezi umodzi. Mwamunayo anawaperekeza kusiteshoni, nawalonjeza kuti adzabwera kudzawatenga limodzi ndi ng'oma ija. Mwezi utatha sanabwere. Anapita okha, n'kupeza a Tomie pakhomo la fakitale, mwana ali kumsana, akuwalonjera mwaulemu ngati mlendo wofuna ntchito. Atatambasula manja, mwanayo anabisa nkhope n'kuyamba kulira. Anayenda m'maofesi, anafunsa odziwa malamulo, ndipo kulikonse ankawafunsa funso limodzi, loti mwana akukhala ndi ndani panopa. Chaka chisanathe a Tomie anakwatiwa m'nyumbamo. Za mapepala a mwanayo, akuluakulu aja anadziwa okha mmene anazikonzera.

Chithunzi cha pa intaneti anawaonetsa ndi kasitomala wina yemwe ankaidziwa ng'oma ya pakona ija. Ankapereka kachitsulo kamodzikamodzi kuti mwana wawo azibwera.

"Ndikanamupatsa zonse tsiku limodzi, ndikanamuonanso? Ndimamudziwa, ndi bambo ake enieni. Ndiye dzulo akudya lalanje pamenepo, akundiuza ngati nkhani yabwino kuti mkazi wake akupita kwawo kukapumula mwezi umodzi. Ndinafunsa kuti nanga mwana. Akuti atsala ndi amayi."

Anazimitsa ndudu, n'kundiyang'ana m'maso.

"Ine sindikuuza zochita, sindine mayi ako. Koma tsiku lomwe mudzasiyane, mwana adzakhala wa amene wamunyamula tsiku limenelo. Panopa ali kuti?"

Ndinati ali kunyumba, ndi a Tomie.

"Ndiye ukuchedweranji kuno? Tenga chinthu chakochi uzipita."

5

Ng'omayo ndinaikumbatira m'sitima ngati mwana, anthu akundiyang'ana. Njira yonse ndinkaganiza kuti mwina ndikafika ndikapeza chitseko chokhoma. Ndinapeza chotsegula. A Tomie anali kukhitchini akuimbira Itsuki kanyimbo, ndipo chikwama changa chinali kale pakhonde, chopachira bwino, mphatso za amayi anga zili pamwamba. Anali atagula okha.

Ndinazungulira kuseri. Norihiko ataona ng'omayo nkhope yake inawala ngati ya kamwana. Anailandira osandiyang'ana, n'kuigoneka pa bulangete, n'kuyamba kulowetsa miyendo.

"Munadziwa liti, bambo a Itsuki?"

Anati ulendo wachiwiri wa ku Amagasaki.

"Ndiye za mawazi mukuziona bwanji?"

"Ndi mwezi umodzi wokha, Chizuru."

"Iwonso anauzidwa choncho."

Anamanga mwendo wachitatu, n'kuimika ng'omayo, n'kuigwedeza kuona ngati ikutsimphina. Anati zakale ndi zakale, amayi akalamba, bambo akudwala, ino si nthawi yoyambitsa nkhondo m'nyumba. Anati akawauza a Tomie kuti wadziwa, angafe nazo. Ndinafunsa ngati angalumbire kuti mwezi ukatha adzabwera ku Tottori kudzanditenga. Anayamba kupukuta mkombero womwe unali woyera kale. Kenako analankhula mofatsa, ngati akunditonthoza.

"Ngakhale zitavuta, Itsuki sangasowe kanthu. Taona ine. Ndinakula bwinobwino, si choncho?"

Sanali munthu wankhanza. Sanandimenyepo, sanandikalipirepo. Ankakhulupirira zomwe ananenazo, ndipo n'zomwe zinandiopsa kuposa china chilichonse.

6

Titadya madzulo, Norihiko ndi kapitawo ananyamula apongozi aamuna pa mpando wawo n'kutsika nawo. A Tomie anakana kubwera, koma kenako anatsatira, Itsuki ali m'manja, n'kuima chapatali. Ng'oma zonse zinayi zinali zitaima pamodzi pansi pa getsi. Zitatu zija zinali zofuwa pang'ono, koma ya miyendo itatu inali yobiriwira kwambiri, popeza zaka zonsezo inali pansi pa kansalu.

Mdalayo sanayang'ane zinazo. Maso ake anapita pa imeneyo basi. Norihiko anawaikira kamtengo koimbira ng'oma m'dzanja lamanzere, n'kuwakankhira pafupi. Anamenya kamodzi. Inalira mozama, mpaka ndinaimva m'mimba. Kamtengo kanagwa, kukamwa kwawo kopotoka kuja kunayamba kugwedezeka, ndipo munatuluka mawu oyamba chigwidwire matendawo.

"Mitsu."

Kenako anayamba kulira mokuwa, thupi lonse likugwedezeka, akutsetsereka pampando. Norihiko anawagwira m'khwapa. A Tomie anathamangira komweko, ndipo podutsa pomwe ndinaima anandiponyera mwana pachifuwa.

"Tamugwirani, a Chizuru."

Anakwera nawo pamwamba, anaitana dokotala, anawabaya jakisoni. A Tomie anakhala pambali pa amuna awo atawagwira dzanja lomwe linamenya ng'omalo, nkhope yawo ili ngati pepala. Ndinawamvera chisoni, ndikunena zoona. Zaka zonsezo akuwaphikira, kuwachapira, kuwatembenuza pabedi, ndiye lilime litamasuka n'kutchula wina. Nditadutsa pachitseko ananena osatembenuka kuti lero lokha mwana agone kwa ine, ndipo m'mawa ndimubweretse ndisananyamuke.

Ndinalowa naye kuchipinda n'kutseka. Poyamba anakana bere, akufunafuna botolo, akundiyang'ana ngati akufuna kukumbukira komwe anandiona. Ndinapirira, ndikumusisita kumsana. Pamapeto pake anagwira.

7

Inu owerenga, ndikudziwa kuti ena mwa inu munena kuti ndinapupuluma. Mwina a Tomie ankafunadi kuti ndipumule. Mwina mwezi ukanatha ndikanabwerera, n'kupeza mwana wanga wonenepa akundidikira pakhomo. Sindingakutsutseni, chifukwa sindinadikire kuti ndione. Ndikudziwanso zomwe ndinasiya. Ndinasiya nkhalamba yodwala yomwe inkameza bwino ndikamaidyetsa ine, ndi mwamuna yemwe mpaka lero samvetsa chomwe analakwa. Kwathu ku Tottori alipo achibale omwe satchula dzina langa.

Koma inu atsikana anzanga amene mukukhala m'nyumba za eni, palibe amene adzabwere kudzakuuzani kuti akukulandani mwana. Adzakuuzani kuti mwatopa. Adzakupachirani chikwama, adzakugulirani tikiti ndi mphatso, ndipo aliyense wokukondani adzati muthokoze. Ine ndinali ndi mwayi woti mayi wina yemwe sankandidziwa n'komwe anaumira ndi ng'oma yake mpaka ataonana nane. Ambiri alibe mwayi wotero. Ankandinena kuti ndine wamantha, ndipo sankanama. Koma mantha omwewo ndi amene anandiphunzitsa kuyang'ana.

Itsuki atagona, ndinakokera chikwama chija m'chipinda. Ndinatulutsa mphatso za amayi n'kuziika bwinobwino pakona, m'malo mwake ndinaikamo matewera, tijuzi take ndi nsalu yoberekera. Kuseri kunkamveka Norihiko akugogoda ng'oma ija pang'onopang'ono, kumanga bawuti iyi, kumasula iyo, kufuna kuti ilire mofanana mbali zonse.

Ku Tottori sindikanapita, chifukwa ndi komwe akanayambira kundifuna, ndipo amayi akanandikweza okha sitima yobwerera. Ndinali ndi mnzanga wa kusekondale mumzinda wina womwe sindikuuzani. Nsapato zanga ndinazitenga pakhonde n'kuziika pansi pa bulangete, kuti ndidzatsike masitepe ndi masokosi okha. Sitima ya tikiti yawo inali yonyamuka dzuwa litakwera. Ine ndinasankha yoyamba, ya kusanache, yoti ndidzakwere Itsuki ali kumsana kwanga.